Kompyuta ya Magemu kwa Wophunzira: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa ophunzira anzanga, ena ofuna kuyamba kusewera magemu pa kompyuta, ena oti kompyuta ali nayo kale koma sakukhutira ndi mmene ikuyendera. Oyambirira ndi a munthu amene sanatsegulepo bokosi la kompyuta, ndipo akumapeto ndi a amene anayamba kale kumasula ndi kumanga yekha.

Kodi kompyuta ya magemu imasiyana bwanji ndi kompyuta wamba?

Zipangizo zikuluzikulu n'zofanana: purosesa (ubongo wa kompyuta), RAM (memory yosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito), motherboard (bolodi lolumikiza zipangizo zonse), chosungira mafayilo, ndiponso power supply imene imalandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira zipangizo zonse. Kusiyana kwenikweni kuli pa khadi la zithunzi, limene ambiri amangolitchula kuti GPU. Mukamalemba ntchito ya m'kalasi, zimene zili pa sikirini zimasintha pang'ono chabe, koma gemu imafuna kuti kompyuta iwerengetse mwatsopano malo a chinthu chilichonse, kuwala kwake, mthunzi wake ndi mtundu wake kambirimbiri pa sekondi imodzi. GPU ili ndi timagawo masauzande togwira masamu ofanana nthawi imodzi, pamene purosesa ili ndi ma core (timagawo take togwira ntchito) ochepa koma amphamvu, oyendetsa malamulo a gemuyo, adani ake ndi zimene inu mukudina.

Nyali zamitundumitundu ndi bokosi lagalasi n'zokongoletsa basi, siziwonjezera liwiro ngakhale pang'ono.

Kodi FPS n'chiyani, nanga yokwanira ndi ingati?

FPS ndi chiwerengero cha zithunzi zimene kompyuta ikujambula pa sekondi imodzi. Pa 30 FPS chithunzi chilichonse chimakhala mamilisekondi pafupifupi 33 chisanasinthe, pa 60 FPS chimakhala 16.7, ndipo pa 144 FPS sichifika 7. Pa magemu a nkhani ndi oyendayenda, 60 ndi yokwanira bwino lomwe. Pa magemu owomberana a mpikisano monga Counter-Strike 2 ndi Valorant, FPS yokwera imathandiza chifukwa zimene dzanja lachita pa mausi zimaoneka msanga.

Komabe sikirini nayonso ili ndi malire ake. Ya 60 Hz imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, ndipo ngakhale kompyuta ijambule zithunzi 200, simudzaziona zonse. Amene wagula sikirini ya 144 Hz alowe m'makonzedwe a Windows n'kusankha yekha 144 Hz, chifukwa kawirikawiri imayambira pa 60 ndipo munthu akhoza kuigwiritsa ntchito choncho osazindikira.

Kuchuluka kwa timadontho ta pa sikirini nakonso kumalemetsa ntchito. Sikirini ya 1920 x 1080, imene imatchedwa 1080p, ili ndi timadontho 2,073,600, pamene ya 4K ili ndi 8,294,400, kuwirikiza kanayi. GPU imene ikuyenda bwino pa 1080p ikhoza kupuma wefuwefu pa 4K.

Kodi ndingasewere popanda khadi la zithunzi lapadera?

Inde, malinga ndi gemu yake. Mapurosesa ambiri ali ndi GPU yaing'ono m'kati mwawo, ndipo ina, monga ya mu Ryzen 5 5600G, imayendetsa Dota 2, Minecraft ndi magemu ambiri akale pa makonzedwe otsika. GPU yotereyi ilibe memory yakeyake, imabwereka ku RAM, n'chifukwa chake zimene zili pa funso la RAM zimaikhudza kwambiri. Chenjerani ndi mapurosesa a Intel amene dzina lawo limathera ndi chilembo F, monga i5-12400F, ndiponso a Ryzen 5000 opanda chilembo G: amenewa alibiretu GPU m'kati, ndipo popanda khadi sikirini imangokhala yakuda.

Kodi ndigule laputopu kapena desktop?

Ngati mukufuna kompyuta imodzi yopita nayo ku kalasi ndi ku laibulale, laputopu ndiyo yoyenera, ndipo palibe chifukwa chodandaulira. Mungodziwa kuti purosesa ndi GPU za laputopu zinamatiridwa pa motherboard moti sizisinthika. Zimene mungawonjezere ndi SSD (chosungira mafayilo chofulumira), ndiponso RAM pa malaputopu amene RAM yake sinamatiridwe.

Chinthu chimene chimapusitsa anthu ambiri ndi dzina la GPU. RTX 4060 ya laputopu ikhoza kupatsidwa mawati 35 m'laputopu yopyapyala kapena 115 m'laputopu yokhuthala, ndipo ziwirizi siziyenda mofanana ngakhale dzina lili limodzi. Musanagule, fufuzani chiwerengero cha mawati chimene opanga analemba. Desktop imapereka mphamvu zambiri pa ndalama zofanana, imazizira bwino, ndipo mukhoza kuikonza chipangizo chimodzichimodzi pamene ndalama zapezeka.

Kodi kompyuta yotereyi ingandithandizenso pa maphunziro?

Ikhoza, makamaka kwa ophunzira za mapulogalamu, zomangamanga ndi zojambula. RAM yochuluka imalola kuyendetsa Linux m'kati mwa Windows kudzera mu VirtualBox, ndipo GPU imafulumizitsa kwambiri kujambula zithunzi za 3D mu Blender. Amene akufuna kuphunzira machine learning adziwe kuti zida zambiri, monga PyTorch, zimayenda mosavuta ndi CUDA, njira yogwiritsira ntchito GPU pa masamu olemera, imene imapezeka pa makhadi a Nvidia okha. Kwa wongolemba ndi kuwerenga, khadi lamphamvu ndi la magemu basi, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezi pokonza bajeti.

Kompyuta yanga ikuchedwa ndipo ndalama n'zochepa. Ndisinthe chiyani poyamba?

Musagule kanthu musanayeze. Funso limeneli ndi limene limadyetsa anthu ndalama zambiri, chifukwa munthu amamva kwa mnzake kuti vuto ndi RAM, amagula RAM, koma gemu n'kumangoyenda monga kale. Purosesa ndi GPU zili ngati anthu awiri onyamula mtengo umodzi pamapewa: onse amayenda pa liwiro la amene watopa, ndipo kumupatsa mphamvu winayo sikusintha kanthu.

Tsegulani gemu imene ikukuvutaniyo, ndipo muone mmene zipangizo zikugwirira ntchito pogwiritsa ntchito Task Manager, imene imatseguka mukadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, kapena MSI Afterburner imene imaonetsa manambala pakona ya sikirini mukusewera. Ngati GPU ili pa 97 mpaka 100 peresenti nthawi zonse, ndiye kuti yafika pamapeto pake, ndipo khadi latsopano kapena makonzedwe otsika ndi zimene zingathandize. Ngati GPU ikungokhala pa 50 kapena 60 peresenti koma FPS ili yotsika, wochedwetsa ndi purosesa. Apa pali msampha: purosesa ikhoza kuonetsa 40 peresenti yokha, chonsecho core imodzi imene gemu ikudalira yadzaziratu. Njira yosavuta yotsimikizira ndi kutsitsa gemu kuchoka pa 1080p kufika pa 720p. FPS ikakwera kwambiri, vuto ndi GPU. Ikakhala pomwepo, vuto ndi purosesa. Ngati RAM yadzaza ndipo disiki ili pa 100 peresenti, onani mafunso awiri otsatirawa. Ngati gemu imayamba bwino n'kumachedwa pakapita nthawi, pitani pa funso la kutentha, chifukwa kumeneko mankhwala ake mwina safuna chipangizo chatsopano n'komwe.

Pa purosesa, musakopeke ndi dzina lakuti i7 lokha. Manambala oyamba pambuyo pa kamzere amaonetsa m'badwo: i7-3770 ndi ya m'badwo wachitatu, ya mu 2012, pamene i3-12100 ndi ya m'badwo wa 12, ya mu 2022, ndipo pa magemu i3 imeneyi imaisiya kutali i7 ija.

Kodi RAM yokwanira ndi yochuluka bwanji?

Ya 8 GB imayendetsa magemu opepuka koma imadzaza msanga mukatsegulanso msakatuli wa intaneti ndi Discord. Ya 16 GB ndiyo ndimalangiza ambiri, ndipo 32 GB ndi ya amene amachita ntchito zolemera zatchulidwa pa funso la maphunziro.

Kakonzedwe kake n'kofunika ngati kuchuluka kwake. Timitengo tiwiri ta 8 GB timaposa kamodzi ka 16 GB, chifukwa purosesa imawerenga kudzera m'njira ziwiri nthawi imodzi. Pa motherboard ya mipata inayi, kawirikawiri timitengo tiwiri timalowa pa mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa, koma kabuku ka motherboard ndiko kamanena zoona zake. Komanso RAM yolembedwa liwiro la 3200 nthawi zambiri imayamba kuyenda pa 2133 kapena 2400 kufikira mutalowa mu BIOS (makonzedwe a motherboard amene mumalowamo poyatsa kompyuta) n'kuyatsa XMP, kapena EXPO pa makompyuta atsopano a AMD, zimene zimalola RAM kuyenda pa liwiro lolembedwalo.

Kodi SSD imawonjezera FPS?

Ayi, koma imasintha china chilichonse. Hard disk ili ndi mbale zozungulira ka 5,400 kapena 7,200 pa mphindi ndi kamkono kofunafuna pamene pali fayilo, ndipo imawerenga pakati pa 100 ndi 200 MB pa sekondi. SSD ya SATA imafika pafupifupi 550 MB, ndipo ya NVMe pa PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3,500 MB. Windows imadzuka msanga, magemu amatseguka msanga, ndipo kudodoma kumene kumachitika gemu ikamakoka malo atsopano kuchokera pa disiki kumachepa. Pa kompyuta yakale imene ikadali ndi hard disk, palibe chipangizo china chimene kusintha kwake kumamveka chotere. Kuchoka pa SATA kupita pa NVMe, kusiyana kwake pa magemu ambiri n'kochepa.

Ndingadziwe bwanji kuti zipangizo zimene ndasankha zigwirizana?

Yambani ndi soketi, malo amene purosesa imakhala. AM4 ya AMD imalandira ma Ryzen kuyambira 1000 mpaka 5000 ndipo imagwiritsa ntchito RAM ya mtundu wa DDR4. AM5, imene inatuluka mu 2022 pamodzi ndi Ryzen 7000, imalandira DDR5 yokha. LGA1700 ya Intel ndi ya m'badwo wa 12, 13 ndi 14, ndipo ma motherboard ake alipo a DDR4 ndi ena a DDR5, koma palibe kusakaniza, chifukwa kampata ka pansi pa kamtengo ka RAM kali pamalo osiyana.

Soketi ikagwirizana, onaninso BIOS. Motherboard ya B450 imene inapangidwa kale ikhoza kukana Ryzen 5000 kufikira BIOS yake itasinthidwa, ndipo si onse amene ali ndi kabatani kosinthira BIOS ndi fulashi popanda purosesa. Kenako yezani kutalika kwa khadi la zithunzi ndi msinkhu wa choziziritsa purosesa poyerekeza ndi bokosi. Tsamba la PCPartPicker limathandiza kugwira zolakwika zambiri zotere.

Poika purosesa, kamakona atatu kali pangodya yake kayang'anizane ndi kali pa soketi, ndipo imakhala pansi yokha popanda kukanikiza. Pa AM4 timapini tili pa purosesa, pa AM5 ndi pa Intel tili pa motherboard, ndipo kulikonse kumene tili timapindika mosavuta.

Kodi power supply iliyonse ingagwire ntchito?

Ayi, ndipo pano si pamalo populumutsira ndalama. Power supply yosalimba ikapsa ikhoza kupita ndi motherboard ndi khadi la zithunzi. Mpata wa PCIe pa motherboard, mmene khadi la zithunzi limalowa, umapereka mawati 75, chingwe cha mapini 6 chimawonjezera 75, ndipo cha mapini 8 chimawonjezera 150. N'chifukwa chake makhadi ambiri a GTX 1650, osafuna chingwe chapadera, amakondedwa ndi amene akusandutsa kompyuta yakale ya mu ofesi kukhala ya magemu, popeza makompyuta otere amakhala ndi power supply yaing'ono ndipo nthawi zina ya zolumikizira zakezake.

Tsatirani mawati amene opanga khadi analangiza n'kusiya mpata pang'ono. Chizindikiro cha 80 Plus, kaya Bronze kaya Gold, chimangonena za magetsi amene satayika ngati kutentha, sichitsimikizira kulimba kwa zam'kati. Musasakanize zingwe zochotseka za ma power supply osiyana ngakhale zikulowa bwinobwino, chifukwa kalumikizidwe ka mawaya kamasiyana. Ndipo power supply siitsegulidwa: m'kati mwake muli ma capacitor amene amasunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa pakhoma.

Ndamaliza kumanga koma sikuyaka, kapena ikuyaka koma sikirini ndi yakuda. Kodi ndawononga china chake?

Kawirikawiri ayi. Ngati palibe chilichonse chikuyenda, onani switchi ya kumbuyo kwa power supply, chingwe chachikulu cha mapini 24, chingwe cha purosesa cha mapini 8 chimene chimalowa pangodya yapamwamba ya motherboard, ndi timawaya ta batani loyatsira. Ngati mafani akuzungulira koma sikirini ili zii, yambani ndi chingwe cha sikirini: chiyenera kulowa pa khadi la zithunzi, m'munsi, osati pa motherboard. Kenako zulani RAM n'kuibwezeretsa, mukukanikiza mbali zonse ziwiri kufikira timaloko titatsekeka n'kumveka kuti tha. RAM imafuna mphamvu zochulukirapo kuposa mmene woyamba kumene amaganizira, ndipo yolowa theka ndiyo imachititsa sikirini yakuda nthawi zambiri.

Ma motherboard ambiri ali ndi tinyali tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, ndipo kamene kakhala koyaka kakuloza pamene pali vuto. Pa AM5, kuyatsa koyamba kumatha kutenga mphindi zingapo pamene kompyuta ikuyesa RAM, choncho musafulumire kuzimitsa. Zonsezi zikakanika, zulani magetsi, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zochepa, n'kukabwezera kuti BIOS ibwerere mwakale.

Gemu imayamba bwino koma imachedwa pakapita nthawi. N'chifukwa chiyani?

Nthawi zambiri n'kutentha. Purosesa ikafika pamalire ake, amene ndi madigiri pafupifupi 100 pa mapurosesa ambiri a Intel ndi 95 pa Ryzen 7000 ambiri, imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo GPU imachitanso chimodzimodzi. Pulogalamu ya HWiNFO imaonetsa kutentha kwa chipangizo chilichonse ndiponso ngati chayamba kudzichepetsera liwiro.

Mukatsegula laputopu imene yakhala zaka osatsukidwa, mumapeza fumbi litalukana ngati kansalu kokhuthala pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mpweya, moti fani imalira kwambiri koma mpweya sutuluka. Chotsani ndi burashi yofewa kapena mpweya wopopera, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyeso. Laputopu isaikidwe pabedi kapena pabulangete posewera, chifukwa imakokera mpweya pansi. Ngati yatsukidwa koma ikutenthabe, thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha) ya pakati pa purosesa ndi choziziritsa mwina yauma: pukutani yakale ndi isopropyl alcohol, ikani kadontho kamodzi pakati, ndipo mumange masikuluwu mopingasa pang'onopang'ono. Pa choziziritsa chatsopano, onetsetsani kuti kapulasitiki koonekera kamene kamamatidwa pansi pake kachotsedwa.

Kodi ndi bwino kugula khadi la zithunzi logwiritsidwapo kale ntchito?

Kwa wophunzira, nthawi zambiri ndi njira yanzeru, bola muliyese musanalipire. Makhadi ambiri analowa pamsika Ethereum, ndalama ya pa intaneti imene anthu ankaipeza poyendetsa makhadi osalekeza, itasiya kukumbidwa ndi ma GPU mu Seputembala 2022. Khadi lotere si loipa chifukwa cha mbiri yake yokha, koma mafani ake anazungulira usana ndi usiku, choncho mvetserani ngati akukhuluza kapena kugwedera.

Pemphani kuti liikidwe mu kompyuta inu mukuona. Tsegulani GPU-Z kuti mutsimikize kuti dzina ndi kukula kwa memory zikugwirizana ndi zolembedwa, chifukwa alipo makhadi akale amene anasinthidwa kuti azionetsa dzina la khadi latsopano. Kenako seweranipo gemu yolemera kwa theka la ola. Timadontho tachilendo, mizere yothwanima, sikirini kuzima n'kuyakanso, zonsezi ndi zizindikiro zoti mulisiye. Pa memory ya khadi, 4 GB ndi yochepa pa magemu atsopano, 8 GB imakwana pa 1080p, ndipo yoposa pamenepo imapatsa khadi moyo wautali.

FPS yanga ndi yabwino koma pa intaneti ndimaomberedwa ndisanaone mdani. Kodi ndi kompyuta?

Ayi, ameneyo ndi ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako. Kuwala m'chingwe cha fibre kumayenda pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi, kutanthauza kuti seva ili pa mtunda wa makilomita 3,000 singayankhe pansi pa mamilisekondi 30, ndipo kwenikweni zimaposa apo chifukwa zingwe siziyenda molunjika. Palibe GPU imene ingasinthe zimenezi. Sankhani seva yapafupi, gwiritsani ntchito chingwe cha Ethernet m'malo mwa Wi-Fi ngati n'kotheka, ndipo imitsani zonse zimene zikukopedwa pa intaneti, kuphatikizapo za Steam (pulogalamu yogulira ndi kutsegulira magemu) ndi Windows Update. Gemu payokha siidya data yambiri posewera. Chimene imafuna ndi intaneti yosadukaduka.

Kodi ndi makonzedwe ati a m'gemu amene ndiyambe kutsitsa, nanga DLSS ndi FSR zimathandiza?

Yambani ndi ray tracing, njira yojambulira kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni, imene Nvidia inabweretsa ndi makhadi a RTX 20 mu 2018. Ndi yokongola koma imadya FPS yochuluka, ndipo pa khadi lapakatikati sindiona phindu lake. Kenako tsitsani mithunzi, chifunga ndi kunyezimira kwa madzi. Kusiyana kwa Ultra ndi High n'kovuta kukuona mukusewera, koma pa FPS kumaoneka. Ma texture (zithunzi zokutira zinthu za m'gemu) asiyeni pamwamba ngati memory ya khadi ikukwana, popeza salemetsa GPU kwambiri. Atsitseni pokhapokha memory ikadzaza.

DLSS ndi FSR zimajambula gemu pa timadontho tochepa n'kukulitsa chithunzicho kuti chidzaze sikirini. DLSS imagwira pa makhadi a RTX okha, pamene mitundu yoyambirira ya FSR, imene AMD inatulutsa mu 2021, imagwira pa makhadi a makampani onse. Zimaoneka bwino pa 1440p ndi 4K kuposa pa 1080p, ndipo zimathandiza pokhapokha ngati wochedwetsa ndi GPU, monga tafotokozera pa funso la kompyuta yochedwa. Frame generation ndi nkhani ina: imalowetsa zithunzi zongopeka pakati pa zenizeni, choncho nambala ya FPS imakwera koma mausi sayankha msanga kuposa kale.

Kompyuta yanga ikukana Windows 11. Kodi ndisamukire ku Linux?

Choyamba fufuzani chifukwa chimene ikukanira. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Makompyuta ambiri ali nayo TPM koma ndi yozimitsa mu BIOS, mmene imalembedwa kuti PTT pa Intel ndi fTPM pa AMD. Ngati vuto ndi purosesa yeniyeniyo, kumbukirani kuti Microsoft inasiya kupereka chithandizo cha masiku onse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Linux ndi njira yeniyeni masiku ano. Kuyambira 2018, Valve, kampani ya Steam, ili ndi Proton, imene imayendetsa magemu a Windows kudzera mu Steam, ndipo Steam Deck, kompyuta yake ya magemu ya m'manja ya mu 2022, imayendera zomwezo. Magemu ambiri a munthu mmodzi amayenda bwino, ndipo tsamba la ProtonDB limaonetsa zimene osewera ena anapeza pa gemu iliyonse. Chopinga chili pa mapulogalamu oletsa kubera: Valorant ndi Fortnite siziyenda pa Linux. Ngati maphunziro anu amadalira pulogalamu ya Windows yokha, ikani Linux pa SSD yachiwiri, ndipo muzisankha yoti iyake nthawi imene mukuyatsa kompyuta.